Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kugwa kwa amayi

Nditangoyamba ntchito ku Limbe, amayi anabwera kudzakhala nane ku Ndirande. Anali ndi zaka 71, koma amasesa okha pabwalo, mtondo osaufuna kuusiya. Tsiku lina m'mawa anaterereka kubafa. Sikunali kugwa koopsa ayi, anangokhala pansi cham'mbali, koma kudzuka kunakanika.

Anzathu oyandikana nawo anati angobinya, tiwathowe ndi madzi otentha. Ine nditavundukula chitenje, mtima unangoti myuu. Mwendo wamanja unali utafupikirapo, phazi litagonera kunja. Ululu sunali pamene anagwerapo, amaloza m'mphechepeche, nthawi zina pabondo. "Mwanawe, usandikhudze mwendowu," amatero akubuula.

Kuchipatala cha Gulupu atawajambula, adokotala a mafupa anandiitana pambali. Anati fupa la ntchafu kumtunda kwake lili ndi mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno ngati munsi mu mtondo, ndipo pansi pa mutuwo pali kakhosi kopyapyala. Amayi anathyoka pakakhosi pamenepo. Vuto lake, mitsempha yopereka magazi kumutu wa fupa imadutsa pomwepo. Ikaduka, mutuwo umatha kufa, fupa osalumikizananso. Ndinafunsa kuti kugwa kotereku kungathyole bwanji munthu. Anati mzimayi akasiya kusamba mafupa ake amayamba kufooka m'kati mwakachetechete, iye osamva kanthu.

Pabedi loyandikana panali mtsikana wogundidwa ali pa kabaza. Iye anasweka mafupa a chiuno enieniwo, amene amazungulira chikhodzodzo ndi chiberekero. Anabwera atamumanga nsalu mothinitsa m'chiuno kuti magazi asapitirire kutayikira m'kati, mkodzo wake uli ndi magazi. Mayi ake ndi ine tinakhala pachibale, timagawana phala ndi mphasa.

Ugadiyani ndinauphunzira pamenepo. Anamwino anandichenjeza kuti chimene chimatenga okalamba ambiri si fupalo, koma kugona nthawi yaitali: zilonda za pamsana, chibayo, magazi kuundana m'miyendo. Ndiye usiku ndimadzuka kuwasuntha pang'onopang'ono monga anandionetsera, kuwapukuta, kuwakumbutsa kupuma mokoka mpweya. Amachita manyazi kuti mwana wawo ndikuwasambitsa. "Amayi, musadandaule, inu munandisambitsa kangati?" Ndimatero misozi ili chuchuchu.

Achimwene anafika kuchokera ku Thyolo madzulo a tsiku limene madokotala anatiuza kuti amayi akufunika opaleshoni, ndipo mawu awo oyamba anali akuti amayi asapite kumpeni. Mkangano umene unabuka pakhonde paja ndidzaufotokoza m'gawo lotsatira.