Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Wakabaza wa pa Chitakale

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinaona pa Facebook zithunzi za ukwati wa mwamuna amene ankhoswe anga anali atamulandira kale, ataima ndi mkazi wina ku Johannesburg, pomwe nsalu ya chinkhoswe chathu inali idakali m'sutikesi mwanga ku Luchenza. Munali mu 2017, ndipo kwa zaka ziwiri zotsatira mwamuna aliyense wondipatsa moni wautali ndinkamuyang'ana ngati wabwera kudzatolera ngongole.

Mu Okutobala 2019 azakhali anga a ku Likhubula anandiitana kuti ndikawathandize kuphika kalongonda wokagulitsa ku Chonde, kumene Alhomwe amasonkhana chaka ndi chaka pa chikondwerero cha Mulhako. Kalongonda safuna waulesi, chifukwa amawiritsidwa maola ambiri n'kumataya madzi kangapo, apo ayi wodyayo amachita chizungulire. Pa foni azakhali anangoti, "Ukatsika pa Chitakale upeza mnyamata wa njinga yakuda, wavala malaya abuluu, ndamutuma."

Nditatsika minibasi ndi thumba la makala ndi ndowa ziwiri, ndinamuonadi ataima pambali pa amayi ogulitsa nanazi. Moni sindinapereke. Ndinati, "Achimwene, mangani katunduyu, ndipo musayerekeze kundikwezera mtengo chifukwa njirayi ndimaidziwa." Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anabwereka mphira kwa wakabaza wina n'kuyamba kumanga. Wanzeru akanadabwa ndi wakabaza wopanda mphira, wopandanso khushoni pa kaliyala, koma ine ndinangomudzudzula kuti ntchito saitenga bwino. Iye anati, "Pepani achemwali, tikonza."

Tikudutsa m'minda ya tiyi, thanthwe la Chambe likuyandikira kutsogolo kwathu, ndinamva akupuma wefuwefu pa kachitunda kosaopsa konse, ndipo ndinamuuza kuti ndi mphamvu zimenezo banja sangalidyetse. Kenaka ndinachita chimene sindinachitepo ngakhale kwa amayi anga, pakuti munthu amamasuka kwa amene akudziwa kuti sadzaonananso naye. Ndinamufotokozera zonse, za nsalu ija, za ndalama ya pasipoti imene ndinabwereka kubanki m'khonde ndipo ndinali ndikubwezabe, mpaka kumuuza kuti amuna onse ndi abodza, iyenso ali momwemo. Sanatsutse. Ankangopalasa.

Titafika ndinamufumbatitsa K700, ya K500 yong'ambika pangodya ndi ya K200, ndisanaone azakhali akutuluka ndi mpando wa alendo uku akuti, "Takulandirani aphunzitsi, mwana wathuyu sanakuvutitseni?" Anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina, woimba kwaya limodzi ndi azakhali, ndipo kalongonda uja anali nyambo chabe yotikumanitsa.

Manyazi anabwera, koma sanakhalitse, chifukwa mkwiyo unawaposa. Kwa ine uyu anali wabodza wachiwiri, womvetsera zinsinsi za munthu atabisa chimene ali. Ndinamulondola kuseri kwa khitchini kumene ankamasula makala n'kumuuza kuti wandinamiza. Anapukuta manja pa thalauza nati, "Mayi, ine sindinanene kuti ndine wakabaza. Munandilemba ntchito musanandipatse moni." Ndalama ija anaiika m'thumba la malaya, osabweza.

Usiku wonse tikusonkhezera moto ndinkadikira kuti azakhali atchule za pasipoti, pakuti ngongoleyo kwathu kunalibe woidziwa, ndipo ndinali wotsimikiza kuti mphunzitsiyo waulula kale. Masiku atatu anadutsa popanda liwu.

Ku Chonde, ng'oma za tchopa zili pakati, munthu wina anaima pa beseni langa n'kupempha kalongonda wa K700. Ndinazindikira ngodya yong'ambika ya K500 ija ndisanadzutse mutu. Anafunsa mwaulemu ngati pobwerera ndidzafune njinga, ndipo anaonjeza kuti khushoni wagula. Ndinamuyankha kuti ndiganiza kaye, koma ndinamuikira basera ya masipuni awiri, azakhali akuona.