Chaka chimodzi cha shoo yathu ya mpira pa Nchalo, zikomo anthu anga

Abale ndi alongo, makasitomala athu okondedwa, shoo yathu ya mpira inakwanitsa chaka mu August 2023 ndipo sabata yomweyo tinalowa mu holo yatsopano ya njerwa zootcha, nde ndati ndikufotokozereni komwe tachokera chifukwa ambiri mumangoona ndikulandira ndalama pakhomo koma simudziwa kuti sizoni ya 2022/23 inatidutsitsa motani.

Tinatsegula pa 5 August 2022, tsiku lomwe Arsenal inayamba ligi pothibula Crystal Palace 2-0. Ndinasankha dala tsikuli, ine wa Arsenal sindibisa. Nthawi imeneyo tinali mu chisakasa cha mabango, TV imodzi, dikoda, mabenchi obwereka kwa amalume. Mpamba unali wa ng'ombe yomwe ndinagulitsa kuphatikizapo ndalama yomwe mayi akunyumba anatenga ku banki m'khonde. Vuto lalikulu linali magetsi. Mukudziwa nonse kuti namondwe wa Ana anaononga Kapichira mu January 2022, konkuno ku Chikwawa, nde chaka chonsecho magetsi ankangozima maola ambirimbiri, mafuta nawo osapezeka, munthu kukhala pa mzere ndi chigubu kuti jenereta ilire pa geni ya madzulo. Ndipo bambo inu a ku Limbe amene munandigulitsa jenereta yakale mutaipenta n'kumati ndi yatsopano, inafa mpira uli mkati anthu atalipira kale, Mulungu akukuonani.

Koma Arsenal ya kochi Mikel Arteta inatinyamula. Anyamata ang'onoang'ono aja, Saka, Martinelli, Odegaard, ankasewera mpira wokoma moti ngakhale a Man United ndi a Chelsea ankalipira kudzaonera, ena kudzadikira kuti tigwe. Kutentha kwa October kuno ku chigwa mukukudziwa, koma anthu ankadzadza mpaka ana kusuzumira m'mipata ya mabango. Gabriel Jesus atavulala ku World Cup ya ku Qatar anthu anati basi zatha, koma pa 22 January 2023 Nketiah anagoletsa chachitatu kumapeto penipeni, Arsenal 3 United 2, benchi imodzi inathyoka. Tsiku limene sindidzaiwala ndi 4 March, geni ya Bournemouth. Tinagoletsedwa mpira utangoyamba masekondi ochepa, kenako 2-0, ena anayamba kutuluka akundiuza kuti bwana timu yanuyi ndi yachibwana. Partey anabweza, Ben White n'kufananitsa, kenako mu mphindi ya 97 Reiss Nelson anaimitsa mpira pachifuwa panja pa bokosi n'kuumenya ndi lamanzere. Mdala wina wodula nzimbe amene samayankhula ndi munthu anavula shati n'kuthamangira kumsewu wa M1 akulira, anyamata akabaza kuimba mabelu, amayi amandasi kululutira osadziwa n'komwe kuti wagoletsa ndani.

Patangotha sabata ndi masiku, namondwe wa Freddy anafika. Mvula yosakata, madzi ochokera kumapiri onse kutsikira kuno, Shire kusefukira. Chisakasa chathu chinagwa usiku, TV ndi dikoda zinalowa matope, mabenchi ena sitinawaonenso. Sindingadandaule kwambiri za katundu pomwe anzathu ku Nsanje, ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe anataya abale, ndipo ena mwa makasitomala athu anali m'makampu opanda ngakhale chofunda. Koma ngongole siimva za namondwe. Akatapila ena omwe ndinakongolako ya jenereta yachiwiri anabwera matope asanaume n'komwe, kudzafuna njinga yanga. Ndinakubwezerani yonse ndi chiwongoladzanja chanu, tikumapatsana moni, koma ndinakudziwani.

Tinatsegulanso mu April pakhonde la sitolo ya mnzanga ndi TV yaing'ono ya pa nyumba pawo. Ndipo ndi nthawi yomweyo imene Arsenal inayamba kuterera. Saliba anali atavulala msana, kumbuyo kunalibenso mtendere. Ku Anfield tinatsogola 2-0 mpira n'kutha 2-2, kwa West Ham chimodzimodzi, Southampton yomwe inali pansi pa tebulo 3-3, kenako pa 26 April Man City inatikwapula 4-1. Pa 20 May Nottingham Forest inatimaliza 1-0, chikho n'kupita kwa City ya kochi Guardiola. Tinathera pa mapointi 84, City 89, Haaland wa City yekha zigoli 36. Ine maganizo anga, ligi sitinailuze kwa City, tinailuza pa mageni atatu aja, ndipo benchi inali yochepa mphamvu. Zinandipweteka, koma chomwe chinandigwetsa misozi n'choti inu munkabwerabe, kukhala pa njerwa, kulipira, ena kusiya chenji dala kuti bwana muonjezere pa malata.

Nde ndithokoze. Mayi akunyumba, munapirira mwezi wodya nsima ndi chisoso osadandaula, Mulungu akudalitseni. Amalume amabenchi simunafunse kuti ndikubwezereni. Achimwene asitolo munandipatsa khonde lanu ulere. Amayi a banki m'khonde munatidikira pomwe malamulo anu salola. Anyamata akabaza munatuta mchenga osalandira kanthu, amisiri munamanga pa ngongole. Anyamata a kumunda wa nzimbe omwe mumabwera molunjika kuchokera ku shifiti, masapota a Bullets ndi Wanderers omwe mumakangana pakhomo mpira usanayambe, a United omwe munandiseka mwezi wathunthu, nonsenu ndinu abale anga. A mpingo kwathu zikomo chifukwa cha mapemphero.

Holo yatsopanoyi tamanga pamalo okwera, maziko aatali, mazenera akuluakulu kuti mphepo izidutsa komanso mafani a kudenga. Taika sola ndi mabatire, magetsi azime asazime mpira suima. Masikirini ndi awiri, mageni awiri nthawi imodzi, palibenso kukanganirana rimoti. Amayi ndi achikulire muli ndi mipando yanu kutsogolo, mowa ndi fodya mkati ayi, ana asukulu usiku wa pakati pa sabata sitilola. Panja pali thobwa wozizira, fizi ndi kanyenya wa mbuzi, kutchajitsa foni n'komweko.

Tinatsegula Lamulungu pa 6 August 2023 ndi Community Shield, mpira wotsegulira sizoni, Arsenal ndi Man City ku Wembley, kuti timuone Declan Rice wathu yemwe anali watsopano. Tsiku limenelo khomo linali theka la mtengo, ndipo ofuna kulipiriratu mwezi wonse mundipeze pa holo, pali kuchotsera. Mufike msanga, mipando yakutsogolo sichedwa kutha.