Pulogalamu yojambulira sikirini imene inandipulumutsa magetsi atathima

Teremu ino aphunzitsi athu a zamakompyuta anatipatsa ntchito yoti aliyense ajambule kanema wa mphindi 7 wosonyeza mmene amapezera avereji ya malikisi mu Excel, uku akufotokoza ndi pakamwa. Excel sinandivute. Chimene chinandidyera masiku atatu ndi kusankha chojambulira.

Ndinayamba ndi Xbox Game Bar poti imabwera kale mu Windows 10. Ukangodina Windows, Alt ndi R pamodzi, basi yayamba. Koma imatsata pulogalamu imodzi yokha, ndipo File Explorer siijambula, pamene ine ndinkafuna kusonyezanso pomwe ndasunga fayilo. Bandicam yaulere imadula pa mphindi 10 n'kudinda dzina lake pamwamba pa kanema. Camtasia ndi yogula. Loom imadalira intaneti, ndiye bandulo yanga sikanalimba. Zonsezi ndinazisiya tsiku lomwelo.

Mnzanga wa m'kalasi ndiye anandikopera OBS Studio pafulashi. Ndi yaulere, ilipo kuyambira 2012, ndipo ambiri amaulutsira masewera pa Twitch ndi YouTube. Ukaitsegula koyamba mtima umagwa, timabokosi mbwee: Scenes, Sources, Audio Mixer. Komatu pa ntchito ngati yathuyi zofunika ndi ziwiri zokha, Display Capture yotenga zonse zili pasikirini, ndi mayikolofoni.

Pamene ndinaphunzira kwambiri ndi pa mtundu wa fayilo. Aphunzitsi anati titumize MP4, ine n'kusintha kuti OBS izijambula MP4 yomweyo, ngakhale inandichenjeza ndi timalemba pansi pake. Batire ya laputopu yanga inafa kalekale, imangodalira chaja. Ndili pa mphindi ya 6, mawu akutuluka bwinobwino osadodoma, magetsi anathima. Atayaka ndinaipeza fayiloyo ili pomwepo, kukula kwake kukuoneka, koma osatseguka. Zinandiwawa kwambiri, poti kanali kachinayi kubwereza.

Chifukwa chake ndi ichi: MP4 wamba imalemba kalozera wa kanema kumapeto, ukadina batani loimitsa. Kompyuta ikazima isanafike pamenepo, zonse zapita. Mtundu wina wa fayilo ya kanema, wotchedwa MKV, umasunga pang'onopang'ono uku ukujambula, moti zikaduka, zomwe wajambulazo zimatsala. Ukamaliza umapita pa File, n'kusankha Remux Recordings, ndipo m'masekondi ochepa MKV ija yasanduka MP4 osataya ubwino wake. Kwa ine ichi chokha chinakwanira kuti ndikhazikike pa OBS. Magetsi anathimanso mawa lake ndikujambula mu MKV, koma mphindi 4 zomwe ndinali nditajambula ndinazipeza zonse.

Laputopuyi ili ndi RAM ya 4GB, choncho pa 1080p kanema ankachita kudukaduka. Ndinatsitsa kukula kwa chithunzi kufika pa 720p, n'kukulitsa timabokosi ta Excel kuti manambala azioneka ngakhale pafoni.

Za mawu ndinazichedwera kuziganizira. Mayikolofoni ya laputopu inkatola chilichonse, fani yake, wailesi ya aneba, ngakhale tambala. Ndinabwereka mahedifoni a foni kwa achemwali anga, ndinaika fyuluta ya mu OBS yochepetsa phokoso yotchedwa Noise Suppression, n'kudikira 10 koloko usiku anthu atagona. Kanema womalizayo anatuluka wa mphindi 6 ndi masekondi 50, ndipo ndinakamutumizira kusukulu m'mawa, pa Wi-Fi ya mulaibulale.