Ma spherical bearing pa Toyota Altezza yanga, ndi Loweruka lomwe ndinataya ku Nchalo

Galimoto yatsika pa jeke dzulo madzulo, mtima wanga wakhala pansi tsopano. Mabushi a labala a ma control arm akutsogolo, zitsulo zolumikiza mawilo ku thupi la galimoto, anali atang'ambikang'ambika, paja labala salimba ndi dzuwa la kuno ku Chikwawa. Ndiye ndinati ndiike ma spherical bearing, achitsulo aja okhala ndi kampira pakati, kuti chiwongolero chizimvera msanga m'makona a ku Thabwa.

Kumasula ma arm mukudziwa kale. Labala wakale ndinamuwotcha, chitsulo chotsalira m'bowo n'kuchicheka ndi sowo pang'onopang'ono kuti ndisakande bowolo.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi galaja ina ku Nchalo, komwe ndinakafuna press, makina okanikizira bearing kuti ilowe m'bowo la arm. Ndinafunsa, "Achimwene, press muli nayo?" Iwo, "Musade nkhawa abwana, timapanga daily." Ndangopita kukagula madzi ozizira, pobwera ndapeza mnyamata waika soketi pa kampira kenikeni akumenya ndi nyundo. Bearing yatsopano, yomwe ndinaidikira milungu yambiri, inali itayamba kale kugwedera! Ndalama ya ntchito anaifunabe. Ndinalipira, n'kukhala pa benchi thukuta lili kamukamu, tsiku lonse lapita.

Pokanikiza, gwirani mphete yakunja ya bearing yokha, osati kampira.

Ndimaiwala: yezani bowo ndi vernier, kachida koyezera kukula kwake, musanaitanitse katundu, kenako lipaleni dzimbiri lichoke. Bearing igone mufiliji usiku wonse kuti ifote pang'ono, arm muitenthetse, zimalowana bwino. Ine magetsi anazima usikuwo, ndinachita kukapempha ayisi kwa mayi wina wogulitsa mafirizesi.

Bearing ina itafika m'malo mwa yoonongekayo, ndinanyamula ma arm pa minibasi, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge mpaka ku Blantyre, komwe ndinapeza press ya hayidiroliki. Mphindi 20 zokha. Ndinaimirira pomwepo osachoka, diso lili pa soketi: mphete yakunja, osati kampira. Circlip, kamphete kotsekera bearing kuti isatuluke, muimve ikuti "tha" m'kamzere kake, ndipo ma spacer, tizitsulo todzaza mpata m'mbali mwa bearing, musasinthanitse.

Timalabala totchinga fumbi musatisiye. Fumbi la ku Ngabu ndi matope a nthawi ya dzinja zikalowa mu bearing zimaidya ngati sandipepa. Alayimenti, kuwongola mawilo kuja, ndi yosathawika mukamanga.

Galimoto ikumvera zedi, koma pokumbika paliponse pakumveka mpaka m'mano, ndipo akunyumba adandaula kale phokoso tisanafike n'komwe pa Dyeratu.