Kwaya yomvera

Nditasamukira ku Mangochi kuchokera kwathu ku Dedza, choyamba kutaya chinali jekete, chachiwiri tulo, chachitatu mawu. Ziwiri zoyambazo mlandu ndi wa dzuwa la kunyanja. Chachitatucho ndinadzichita ndekha, wosatumidwa ndi munthu.

Kutchalitchi kwathu ku Mangochiko kunali kwaya ya anthu 24 yopanda mphunzitsi. Sabata yachiwiri pakamwa panandiyabwa, ndinaulula kuti ndimadziwa solofa, kaimbidwe ka do, re, mi kaja. Tisanatuluke n'komwe anali atandiveka udindo. Kuidziwa ndimaidziwadi, musandiyese wabodza. Ndinaiphunzira kusukulu ya mishoni pamodzi ndi zizindikiro zake za manja, zija anafalitsa m'busa wa ku England John Curwen m'zaka za m'ma 1800. Do n'kufumbata chibakera, mi n'kutambasula dzanja chikhatho chitayang'ana pansi, so n'kuimika dzanja ngati ukufuna kupereka moni. Chibakeracho muchisunge, tikumana nacho kutsogoloku.

Ndinayambira pa kupuma. Ndinawagoneka chagada pamkeka, aliyense buku la nyimbo pamimba. "Likwere ndi bukulo, mapewa ayi. Woimba amapumira m'mimba." Kenako kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, sssss ngati njoka, ine ndikuwerenga mpaka 20. Kenako kunjenjemeretsa milomo, brrrr, kukwera ndi kutsika, kuti mmero ufunde usanayambe ntchito. Tsiku loyamba anyamata a kabaza anabwera kudzasuzumira pawindo, ati amayesa mwatsegulidwa galaja ya njinga zamoto.

Zonsezi zinali zoona, ndipo zinathandiza. Sopulano anasiya kukuwa ngati akuthamangitsa nkhuku m'munda, atena anayamba kumaliza mzere wonse osafera panjira. Chimene chinandipha ndi lamulo langa limodzi. Anthu ankakonda kufunsa mafunso, ine ndinatopa nawo, ndiye ndinakhomera msomali: "Chimene ndachita ine, inu chitani chomwecho. Osafunsa." Ndinkalibwereza tsiku lililonse mpaka ana apafupi ndi tchalitchi anayamba kuliimba posewera fulaye.

Kumapeto kwa Okutobala kunali mpikisano wa makwaya. Mtima unandiuza kuti besi yanga njochepa, yosayenera munthu waudindo. Ndinakumbuka zimene ankanena anyamata kumudzi, kuti woimba weniweni amakulitsira mawu kumtsinje m'bandakucha. Kwathu timitsinje take n'todumpha ndi mwendo umodzi. Kuno ndinali ndi Shire yense, wochokera m'nyanja ya Malawi kupita ku Malombe, waulere.

Ndiye 4 koloko m'mawa ndili paulendo. Ndinkadutsa pa nsanja ya wotchi ija ya Mfumukazi Victoria, n'kutsetserekera kumunsi kwa mlatho, n'kuima pafupi ndi bango. Zofunditsa mmero zija ndinkaphunzitsa anzanga, ine ndinalibe nazo nthawi. Ndinkangofikira kukankha mawu pansi, do, ti, la, so, mokuwa, kulimbana ndi mphepo. Masiku anayi. Pakhosi pankayaka, ine n'kumati ndiye kukula kwakeko.

Tsiku lachisanu nditatsika mpaka pa so wapansi, wina anandiyankha. Anali pansi kuposa ine, mawu ake onona, odzaza mtsinje wonse. Ndisaname, choyamba kundigwira inali nsanje. Ndinabwerezanso. Anayankhanso, tsopano pafupi, bango likugwedezeka. Nditaunika ndi foni ndinaona timakutu tiwiri ndi mphuno ngati mitondo. Mvuu.

Mawu amene ndinatulutsa pamenepo sopulano wanga aliyense sanawafikepo. Liwiro la mtondo wadooka, patapata mmodzi n'kutsalira m'matope. Kumtunda ndinapeza msodzi akukonza ukonde, mtima uli m'malo ngati palibe chachitika.

"Achimwene, mwaiputa nokha," anatero. "Masiku anayi onsewa mukuiitana. Ife timayesa ndi yanu."

Pofika kunyumba mawu anali atasasa. Pofika madzulo anali atapita. Limeneli linali Lachisanu, mpikisano mawa lake.

Mu aluto muli agogo ena amene anapuma ntchito ya unamwino. Atandimva ndikupereka moni ngati chitseko chadzimbiri, anandikhazika pansi.

"Aphunzitsi, mawu amachokera pa timinofu tiwiri tili m'kholingomu. Mpweya ukamadutsa timanjenjemera. Tanuto tatupa chifukwa mwatizunza. Imwani madzi ambiri, khalani chete. Kunong'ona komwe musayese, kumatitopetsanso."

Ndinalemba papepala kuti, nanga mazira aawisi?

"Dzira lili ndi njira yake yachakudya, mawu ali ndi njira yawo yampweya. Dzira likafika pamene pali mawupo ndiye kuti mwatsamwa."

Malangizo abwino, koma anali aulere komanso osapweteka, choncho sindinawakhulupirire. Mnyamata wina wa tena anali atandinong'oneza kale kuti oimba onse otchuka amameza mazira. Popita kunyumba ndinagula asanu ndi limodzi pa kabenchi kena, thireyi yake itakhala padzuwa la Okutobala kuyambira kaya liti. Atatu ndinameza usiku, atatu m'mawa. Mayi akunyumba anangondiyang'ana.

"Abambo, enawa bwanji ndikazinge, ana adyeko?"

Ndinapukusa mutu mwaulemerero wa munthu wodziwa zimene akuchita.

Loweruka holo inadzaza, kutentha ngati mu uvuni, amayi akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Titangoitanidwa, magetsi thii! Kiyibodi zii. Woitana uja anati palibe vuto, mphunzitsi apereke kiyi ndi pakamwa.

Ndinaima kutsogolo, ndinapumira m'mimba monga mwa chiphunzitso changa, n'kutsegula pakamwa. Chimene chinatuluka munachimvapo kwa tambala wamng'ono amene akuphunzira kulira, uja amayamba bwino n'kuthyokera pakati. Ndinayembekeza kuti kwaya idikira ndikonze. Ayi ndithu. Anthu 24, m'magawo anayi, anabweza kulira komweko, ndi kuthyoka kwake komwe, pamalo pake penipeni. Miyezi itatu ndikuwaphunzitsa, sanagwirizanepo bwino chotero.

Holo inati gwedegwede ndi kuseka. Ndinakweza dzanja kuti tingoyamba, zikakonzekera m'njira. Ndipo zinayambadi kukonzeka, vesi yoyamba inayenda mokoma, mpaka mmodzi wa oweruza anatola cholembera chimene anagwetsa. Pakati pa vesi yachiwiri mazira anapereka moni.

M'mimba munayamba ndi kubangula, besi imene ndinaifunafuna ku Shire masiku asanu, tsopano ikuchokera pansi pa lamba. Kenako kupotokola. Thukuta kamukamu. Ndinawerengera m'mutu: mavesi atsala awiri ndi theka, chimbudzi chili kuseri kwa holo, pafupi ndi mtengo wa mango. Dzanja linayamba kufulumira lokha. Nyimbo yake inali yodekha, ya mtundu uja timaimba pamaliro, koma pofika vesi yachitatu inali itasanduka ya pachinkhoswe. Amayi ena kumbuyo anaimirira n'kuyamba kuvina.

Kupotokola kwachiwiri kunandifumbatitsa chibakera. Kwaya itaona chibakera inasiya mawu a nyimbo n'kugwira do. Ndikamasula, abwerera kunyimbo. Ndikafumbata, do. Ndinapinda msana, onse anawerama. Ndinapanikiza mawondo, mizere itatu yonse inapanikiza mawondo, agogo aja okha ndi amene anaima chilili akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Vesi yachinayi sindinaidikire. Ndinatembenuka n'kutsika pansanja timapazi tifupitifupi, mwachangu koma mosamala. Nditafika pakhomo ndinamva nyimbo ikunditsata. Kucheuka, sopulano ali pambuyo panga pamzere, timapazi tifupitifupi, aluto pambuyo pawo, atena, mabesi kumapeto. Anthu m'holo akuwomba m'manja, ena akululutira, poyesa ndi katulukidwe kamene tinakonzekera.

Ndinalowa n'kukoka chitseko. Iwo anazungulira mtengo wa mango, anamaliza vesi yachinayi, n'kufika pa mawu otsiriza. Pamenepo anaima, chifukwa ndinawaphunzitsa kuti mawu otsiriza sasiyidwa mpaka dzanja la mphunzitsi litatseka. Kupumira m'mimba kuja kunagwira ntchito, abale. Anagwira, anagwirabe, ine ndili m'katimo ndikupemphera kuti asasiye, pakuti ndiwo ankaphimba zina zimene zinkamveka. Potsiriza ndinamva mawu a agogo: "Basi, ana inu. Aphunzitsi atanganidwa."

Tinakhala achitatu. Papepala la oweruza analembapo kuti kiyi inali yokayikitsa, liwiro losadziwika, koma kumvera mphunzitsi sanakuonepo kotere.

Ndinagona masiku awiri ndikumwa thanzi ORS, agogo akubwera m'mawa ndi madzulo kudzaona ngati ndili chete. Mawu anabwerera patatha sabata. Kiyi masiku ano amapereka ndi iwowo.

Mwezi watha ndinakumana ndi msodzi uja kumsika akugulitsa chambo. Anapisa m'thumba la saka n'kutulutsa patapata wanga, matope atauma.

"Ndinakusungirani, achimwene. Koma mnzanu uja akuvutika. M'bandakucha uliwonse amaitana, palibe womuyankha."