Mbatata za maluwa m'nyengo yachisanu kuno ku Harare

Malemu bambo anga sankatchula dzina loti dahlia. Iwo ankangoti "mbatata za maluwa", chifukwa mizu ya duwali imatupa n'kuunjikana pansi pa tsinde ngati mbatata ya kholowa. Anachoka ku Dedza m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo anagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Highlands, dera lina la mumzinda uno, mpaka ukalamba. Atapuma pantchito anabwera kuno ku Mabvuku ndi katoni imodzi ya mbatatazi, ndipo mtundu umene ankaukonda kwambiri, wa maluwa ofiira ndi masamba oderako ngati a chinangwa chanthete, udakalipo kuseri kwa nyumba yathu.

Chifukwa chimene munthu amavutikira kusunga mizu m'malo mongotola njere n'chakuti njere za dahlia sizibereka duwa lofanana ndi make. Mukafesa njere za duwa lofiira mutha kupeza lachikasu kapena lotuwa, la maonekedwe ena ndithu. Wofuna duwa lomwelo chaka chamawa ayenera kusunga mbatata yake, ndipo ikawola ndiye kuti mtunduwo watha pakhomopo.

Kwawo kwenikweni kwa duwali ndi kumapiri a ku Mexico, dziko limene linalisankha kukhala duwa la fuko mu 1963, ndipo dzina lake linachokera kwa katswiri wa zomera wa ku Sweden, Anders Dahl. Ndatchula zimenezi chifukwa nyengo ya kumapiriko, ya mvula m'miyezi yotentha ndi chilala m'miyezi yozizira, ikufanana ndi yathu kuposa ya ku England kumene kumachokera mabuku ambiri a zamaluwa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo ngakhale kuti mu Juni ndi Julaye chisanu chimawaula masamba m'madambo, nthaka yathu siundana ndi kuzizira ngati ya ku Ulaya. Anzathu akumeneko amakumba mbatatazi pothawa kuzizira. Ife adani athu ndi ena: chinyezi, chiswe, makoswe, ndiponso kutentha kwa mu Sepitembala ndi Okutobala.

Pachifukwa chimenechi, amene ali ndi malo okwera, osadikha madzi, angathe kuzisiya m'nthaka momwemo n'kuphimbirapo udzu wouma. Ine sindingathe. Malo athu ndi ochepa, ndipo m'nyengo yozizira ndi pamene timalima repu ndi mpiru pafupi pomwepo. Popeza madzi ndi osowa kuno, aliyense pakhomo amathira m'bedimo madzi otsukira mbale ndi ochapira, osasankha kuti pano pali ndiwo, apo pagona maluwa. Mbatata yogona ikamamwa madzi tsiku ndi tsiku imawola, choncho ndimakumba.

Ndimayamba ndi kuleka kuthirira kumapeto kwa Epulo. Masamba akachita chikasu n'kufota mu Meyi, ndimadula mitengo yake n'kusiya zitsa zotalika masentimita 10 kapena 15, kenako ndimadikira sabata imodzi kapena ziwiri kuti khungu la mbatata likhwime. Pokumba sindigwiritsa ntchito khasu, koma foloko ya m'munda, ndipo ndimaizika patali pafupifupi masentimita 30 kuchokera pachitsa, n'kumatukula pang'onopang'ono mbali zonse. Apa m'pamene dzina la bambo limasocheretsa anthu. Mbatata ya kholowa imaphuka paliponse, ngakhale mutaidula pakati, koma ya dahlia ilibe diso pathupi pake. Maso ake ali pamwamba, pamene khosi lake lopyapyala lalumikizana ndi tsinde lakale. Khosilo likathyoka, mbatatayo ngakhale ikhale yonenepa ngati mkono wa mwana, siidzaphukanso. N'chifukwa chake sindizula pokoka chitsa, ndipo sindilola adzukulu kundithandiza pantchito imeneyi, ngakhale amadandaula.

Chaka choyamba bambo atatisiya, ndinafuna kuchita zinthu mwaukhondo kuposa iwo. Ndinatsuka mbatata zonse mpaka kuyera, ndinaziyanika masana amodzi okha, n'kuzilongedza m'chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro cholimba kuti makoswe asalowe. Pakati pa Julaye ndinamva fungo lachilendo m'chipinda, ndipo nditatsegula ndinapeza mkati mwa chivindikiro muli madontho a madzi ngati mame, chuku chotuwa chitakuta zonse. Nditagwira imodzi, chala chinangolowa ngati m'nthochi yowola. Pa zitsa khumi ndi chimodzi ndinapulumutsapo zitatu zokha. Lamulungu lotsatira ndinafotokozera agogo ena aamuna a kumpingo kwathu ku CCAP, amene nawonso anakalambira m'magadeni a azungu, ndipo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, mbewu imapuma ngati munthu. Inu mwaitseka mphuno, ndiye mumati itani?" Anandikumbutsanso chinthu chimene ndinkaona bambo akuchita koma osachilabadira, chakuti tsinde la dahlia ndi lamphako ngati bango, ndipo madzi amene atsalira m'mphakomo ndi amene amayambitsa kuwola.

Kuyambira pamenepo sinditsukanso. Ndimangosansa dothi ndi manja, n'kuika zitsa chozondoka pakhonde, pamthunzi podutsa mphepo, kuti madzi a m'mphako atsike. Mpweya wa mu Juni ndi wouma kwambiri moti masiku atatu kapena anayi amakwana. Mukapitirira sabata zimayamba kukwinyika. Amene ali ndi dothi lofiira la katondo, lomata ngati la ku Highlands, mwina angafunike kutsuka, koma akatero aumitse mokwanira. Pamene foloko yalasa ndimadulapo ndi mpeni woyera n'kupaka phulusa losefa, monga mmene amayi ankachitira ndi mbewu ya mbatatesi. Ena amagula ufa wa salfa. Chitsa chilichonse chimene chili ndi zotupa zachilendo pakhosi, kapena chimene masamba ake anali amawangamawanga ndi opinimbira m'dzinja, ndimachitaya kutali, chifukwa matenda otere amagona m'mbatata momwemo n'kudzuka nayo limodzi. Mtundu wa duwa ndimalemba pakhungu penipeni ndi cholembera chosafufutika, popeza timapepala tomangirira timasokonekera.

Posungira ndimagwiritsa ntchito makatoni wamba ndi utuchi wouma umene ndimapempha kwa akalipentala, ngakhale mchenga wouma wa kumtsinje umagwiranso ntchito. Ndimayala utuchi pansi, n'kuika zitsa motalikirana kuti zisakhudzane, n'kukwirira. Katoniyo siikhala pansi chifukwa cha chiswe, koma pathabwa losanjikidwa pa njerwa, ndipo pamwamba ndimaikapo waya wa sefa m'malo mwa chivindikiro. Mabuku amati malo osungira azikhala ozizira madigiri 4 mpaka 10, zimene nyumba yofolera ndi asibesitosi singakwanitse masana. Chimene ndimachita n'kusankha chipinda cha mbali ya kummwera, chifukwa kuno dzuwa la m'nyengo yozizira limapendekera kumpoto, ndipo khoma la kummwera limakhala lozizira tsiku lonse. Wotsatira buku la ku England mwachimbulimbuli adzaika katoni yake kumpoto, padzuwa penipeni.

Kamodzi pamwezi ndimapisa dzanja mu utuchimo n'kugwira chitsa chilichonse. Yofewa ndimaidula n'kutaya, ndipo ndikaona kuti zikukwinyika ndimawaza timadzi pang'ono pautuchi, osati pambatata. Kugawa zitsa ndimadikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti, pamene kwayamba kufunda ndipo maso atupa n'kuoneka ngati timatuza tofiirira, chifukwa pamenepo ndimadula ndikuona, chidutswa chilichonse ndi diso lake. Sizifunika kuchedwa nazo m'katoni, pakuti jakaranda akamachita maluwa kutentha kumaziyamwa madzi msanga. Ndimabzala mu Okutobala, mozama masentimita 10 mpaka 15, m'dothi lachinyezi pang'ono, ndipo sindithirira kwambiri kufikira mphukira zitatuluka.

Dzulo ndinatsegula makatoni a chaka chino. Khoswe anapeza mpata pakona ina ya waya n'kudya mbatata ziwiri za duwa loyera, koma zitsa zisanu ndi chimodzi za lofiira la bambo n'zolimba bwino, ndipo chimodzi ndalonjeza kale agogo aja.