Mimba ya bokosi lalitali ija yaphwa

Anzanga a sowo ndi khasu, bokosi langa lalitali lamatabwa lolimamo ndiwo zamasamba, limene makoma ake anali atatulutsa mimba, laongoka. Ndinamanga manati omaliza dzulo, n'kubwezeramo dothi, n'kuthirira mpaka madzi kutulukira pansi. Lero ndakoka chingwe pa zikhomo ziwiri motsata mbali yaitali kuti ndione ngati thabwa la pansi lasunthanso. Latuluka ndi mamilimita 5 okha pakati. Poyamba paja linali litatuluka masentimita 6, ndipo tsiku lililonse linkawonjezera.

Kwa amene simukulidziwa, bokosili ndi la mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi, ndipo msinkhu wake ndi masentimita 45, kutanthauza matabwa atatu a paini a mamilimita 150 kwa 25 osanjikizana mbali iliyonse. M'makona muli nsanamira za 75 kwa 75. Thabwa lililonse ndinalimanga ku nsanamira ndi masikuluwu awiri, osalasa kunsonga ya thabwa linzake, pakuti tonse tikudziwa kuti sikuluwu yolowa motsata mitsempha ya thabwa sigwira. Za m'lifupi sindikambirana ndi munthu: 1.2 ndi pamene dzanja limafika pakati uli mbali iliyonse, popanda phazi kuponda dothi. Lisanalowe dothi, bokosili linali logwira mtima. Kuyeza mopingasa kona ndi kona, mbali zonse ziwiri tepi inkaima pa 2.68, levulo ili phee pakati.

Dothi ndilo linabweretsa nkhani. Bokosi lotere limadya malita pafupifupi 1,300, ndipo dothi losakaniza ndi kompositi likamwa madzi limalemera tani imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Kulemera kwambiri kumapita pansi, inde, koma gawo lina limakankha m'mbali, ndipo kukankhako kumakula ukamatsika. Thabwa la pamwamba silimva kanthu kwenikweni, la pansi ndilo limasenza. Nditangothirira koyamba, mbali zazitali zija zinayamba kutulutsa mimba, pakati pa matabwa n'kutseguka mipata yoti chala kulowa, madzi akuda n'kumachucha pamenepo.

Chimene chinandizunguza mutu n'choti bokosi langa lakale, laling'ono lija la 1.2 kwa 1.2 limene ndinakhoma ndi matabwa a mapaleti, lakhala zaka osapindika, chikhalirecho matabwa ake ndi opyapyala kuposa awa. Ndinakhala pansi ndi pensulo, ndipo masamu ake ndi ankhanza. Thabwa losenza katundu wofanana paliponse, ukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa zogwirira zake, silipindika kawiri ayi, limapindika maulendo 16. Ukawirikiza kawiri msinkhu wa dothi, mphamvu yonse yokankha khoma imakwera kanayi. Kunenepa kwa thabwa ndiko kumakubwezera: la mamilimita 50 ndi lolimba maulendo 8 kuposa la 25, ndipo ngakhale la 38 limaposa la 25 katatu ndi theka. Ndiye amene amati "ingotengani matabwa aliwonse, dothi silithawa" amanena za timabokosi ta letesi ta masentimita 15, osati izi. Pamwamba pa zonsezo, thabwa lonyowa limene lasenza katundu limapitiriza kupindika pang'onopang'ono ngakhale katunduyo asawonjezeke, ndipo likakhalitsa limaumira momwemo. N'chifukwa chake sindikanatha kudikira kuti nyengo ya tomato ithe.

Njira yachidule imene aliyense amayamba kuganiza ndi zikhomo. Ndinasongola mitengo, n'kuikhomera pansi kunja kwa bokosi, pakati pa mbali zazitali. Zinagwira mpaka kuthirira kotsatira. Nthaka yozungulira bokosi imakhala yonyowa nthawi zonse, chikhomo n'kungopendekeka nalo limodzi thabwalo. Mwina pa nthaka youma gwa, kapena chikhomo chitalowa mozama kuposa mmene chatulukira, zingatheke. Kwa ine zinakana.

Kenaka ndinazunguliza lamba womangira katundu pa galimoto, uja wa chogwirira chokokera, n'kuyamba kukoka. Lambayo anangodya m'mphepete mwa thabwa la pamwamba, bokosi osasuntha. Dothi lonyowa likakhazikika silibwerera m'mbuyo chifukwa choti walipempha. Panalibe kuchitira mwina koma kufukula ngalande yopingasa pakati pa bokosi mpaka pansi, ndi kupalanso dothi m'mbali mwa makoma onse awiri kuti matabwa apeze pobwerera. Mbande za anyezi zimene zinali zitagwira kale ndinazizula ndi dothi lake n'kuziika pamthunzi. Ntchito imeneyi ndi imene inandidyera masiku, chifukwa fosholo silowa bwino m'bokosi popanda kung'amba pulasitiki imene ndinakhoma m'kati mwa makoma, ndiye zambiri ndinachita ndi kakhasu kam'manja ndi ndowa.

Makoma atamasuka, lamba uja anagwira ntchito yake mosavuta. Ndinakoka mpaka m'lifupi pakati kubwerera pa 1.2, n'kupitirizako pang'ono, podziwa kuti matabwa adzabwezera. Apa m'pamene panalowa chitsulo cha mazinga cha M10 (chonenepa mamilimita 10), chokutidwa ndi zinki, chodutsa bokosi lonse kuchoka khoma ili kukatulukira khoma linalo.

Pali zinthu ziwiri apa zimene ndikufuna muzimve bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Choyamba ndi washa. Paini ndi wofewa, wonyowa ndiye kuposa. Nditamanga nati pa washa wamba, ndinaona washayo akumira m'thabwa ndikamazunguliza sipanala, mitsempha ya thabwa ikuphwanyika mozungulira, timadzi tikutuluka m'mbali mwake. Ukamanganso amangomirabe. Ndiponso chitsulo chimodzi choboola thabwa limodzi chimagwira thabwa lomwelo basi, awiri enawo n'kumachita zawo. Mankhwala ake ndi kuimika kathabwa kunja, ka 75 kwa 50, kautali wofanana ndi msinkhu wa bokosi, kuti kagwire matabwa onse atatu pamodzi, chitsulo n'kudutsa mu kathabwako. Pamwamba pake ndinaika washa wamakona anayi wa mamilimita 50, wokhuthala, amene amagawa mphamvu pamalo aakulu. Ameneyo sanamire.

Chachiwiri ndi msinkhu woboolera. Diso limakuuza kuti uboole pakati penipeni pa khoma. Koma poti dothi limakankha kwambiri pansi, mphamvu yonse ukaisonkhanitsa imagwera pa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu kuchokera pansi. Pa bokosi la masentimita 45 ndiye kuti pa 15. Tsoka lake, pamenepo ndi pamene pakumana thabwa loyamba ndi lachiwiri, ndiye ndinatsitsa bowo kufika pa 12 kuti likhale m'thabwa lenilenilo. Ukaboola pamwamba, kathabwa koimika kaja kamatembenukira pa chitsulo, kumunsi kwake n'kutuluka.

Kuti mabowo awiri ayang'anane, ndinayamba ndaphatikiza timatabwa tiwirito n'kutiboola pamodzi, kenaka kalikonse n'kukhala chilondolero cha khoma lake. Chitsulocho ndinachilowetsa m'paipi ya PVC ya mamilimita 20 kuti chisamakhudzane ndi dothi lonyowa, komanso kuti ndikamagalauza dothi chaka chamawa khasu lizigunda paipi, osati mazinga. Mukamadula chitsulo cha mazinga, yambani mwalowetsa nati, dulani, kenaka mutulutse natiyo kudzera podulapo. Imaongola mazinga amene sowo yapinda. Kunsonga kumene zinki yachoka ndapakako penti. Mipata ya pakati pa zogwirira tsopano ndi 1.2, yofanana ndi ya bokosi lakale lija, ndipo masamu omwe aja a 16 ayamba kugwirira ine ntchito.

Ena anandifunsa chifukwa chimene sindinangogula matabwa a mankhwala okhuthala n'kuiwala zonsezi. Okhuthala ndikuvomera, bokosi lotsatira likhala la 38. Za mankhwala ndimayamba ndafunsa kuti ndi mankhwala anji. Matabwa obiriwira aja akhoza kukhala a CCA, omwe muli mkuwa, chromium ndi arsenic. Ku America anasiya kuwagwiritsa ntchito pa zomanga zambiri za pakhomo kumapeto kwa 2003, ndipo ku Ulaya anaika malamulo oletsa m'chaka cha 2004, koma m'mayiko ambiri akugulitsidwabe. Anthu amatsutsana za kuchuluka kwa arsenic amene amafikadi m'masamba, koma ine kaloti wanga amakulira pafupi ndi khoma, ndiye sindifuna kumaganiza zimenezo ndikamakolola. Mankhwala atsopano monga ACQ alibe arsenic, koma ali ndi mkuwa wambiri umene umadya chitsulo wamba msanga. Mukasankha amenewo, masikuluwu akhale a stainless (chitsulo chosachita dzimbiri) kapena oviikidwa mu zinki yotentha, osati onyezimira aja a m'nyumba. Matabwa akale a njanji, onunkha phula la creosote, pamunda wa ndiwo ayi ndithu. Oilo wakutha wa galimoto chimodzimodzi, ngakhale ndikudziwa kuti pali ena pano amene amalumbirira kuti chiswe chimamuthawa.

Mapaleti ndimawakondabe. Yang'anani chidindo cha m'mbali: HT ndiye kuti thabwa linaphikidwa ndi moto mpaka mkati mwake kufika madigiri 56 kwa mphindi 30, palibe mankhwala. MB ndi methyl bromide, mankhwala apoizoni ophera tizilombo, amenewo asiyeni. Ndipo ngakhale la HT, likakhala ndi mabanga a zinthu zimene zinatayikirapo, simudziwa kuti linanyamula chiyani. Vuto lawo lina ndi misomali yamazinga ija imene imang'amba thabwa ukamaizula. Ine ndimangodula ndi sowo pafupi ndi misomaliyo n'kuvomera kuti matabwa afupika.

Amene amandigulitsa matabwa ndi bambo wina wofatsa amene amandilola kugwetsa mulu wonse ndikusankha, bola ndiusanjenso. Ndimayang'ana kunsonga kwa thabwa lililonse. Mizere ya zaka ikakhala yokhota kwambiri, thabwalo likamauma limakhota m'lifupi mwake, m'mphepete mwake n'kuthawa mbali ya kumtima kwa mtengo. Choncho mbali ya kumtima ndimailozetsa kunja kwa bokosi, kuti m'mphepete muzikanikizira ku nsanamira m'malo motukuka. Lokhala ndi mfundo yaikulu pakati silipita ku mbali yaitali, ndimalidula n'kukhala la m'lifupi. Pa masikuluwu ndinasamukira ku a mutu wa Torx, wa kabowo kooneka ngati nyenyezi, ndipo sindibwerera. Sapulumuka pa makina ngakhale ukuwamasula patapita chaka. Kuyamba waboola kabowo kakang'ono kunsonga za matabwa sindikuchitanso kunena.

Pulasitiki ndinakhoma m'makoma mokha, yokhuthala yakuda ija ya omanga nyumba, pansi n'kusiya potseguka kuti madzi azitsika ndi mizu ya tomato izipitirira. Pansipo pali waya wa maso ang'onoang'ono wotchinga mfuko ndi mbewa, pamwamba pake makatoni opha udzu. Pali mkangano woti pulasitiki imasunga chinyezi pakati pa iyo ndi thabwa n'kuliwoletsa msanga. Pofukula paja ndinasuzumira kuseri kwake: thabwa linali lozizira koma osati lonyowa ngati mmene likanakhalira litagundana ndi dothi. Kunja ndapaka mafuta a linseed (a njere za fulakesi) osaphika, amene amatenga nthawi kuti aume. Nsanza zopakira muziziyanika chotambasula, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kudziyatsa zokha moto. Chiswe ndiye nkhani ina. Paini wopanda mankhwala wogona pa nthaka sakhalitsa, ndipo ndaona kale kanjira kake ka dothi pa nsanamira imodzi ya bokosi lakale. Latsopanoli lakhala pa mzere wa njerwa, zimene zimandithandiza kuona njira zotere zisanafike patali, koma sindikudzinamiza kuti zathetsa vuto.

Dothi latsika ndi masentimita angapo chibwezereni, monga limachitira likakhala ndi kompositi yambiri, ndiye ndiwonjezera ndisanabwezere anyezi. Manati ndiwamanganso pakatha milungu ingapo, poti timatabwa toimika tija tikauma tiphwerako.

Zotsatira? Ndikufuna mabokosi ena atatu pamzere womwewo, timisewu ta pakati totakata moti wilibala n'kudutsa. Limodzi ndikulingalira kuti likhale lofika m'chiuno, loti munthu azilima ataima, koma masentimita 80 a dothi ndi mphamvu yoposa katatu ya imene yandivutitsayi, ndiye mwina zitsulo ziwiri pa kathabwa kalikonse, mwinanso kudzaza theka la pansi ndi zipika ndi nthambi zowola kuti lipepuke. Pamwamba pa makoma ndikufuna thabwa logona lokhalapo, lomwe lithandizenso kulimbitsa m'mphepete. Kenaka mapaipi okhota onyamula neti, mzere wa madzi odontha kuchokera ku mgolo wokwezeka, ndi chimango cha nyemba zoyanga kumbali imene sichingatchingire dzuwa mbewu zina. Ngati alipo amene anayesapo kulumikiza makona popanda chitsulo chilichonse, matabwa kungolowana okhaokha ndi zikhomo za mtengo, andiuze mmene zinakhalira itadutsa mvula, chifukwa bokosi lachinayi ndikufuna ndiliyese choncho.